Nyenyezi zokhota m'makona a chithunzi: lipoti la vuto la rotator pa telesikopu ya alt-az ku Dedza

Lipoti ili ndi la telesikopu ina yojambulira thambo imene ili kufupi ndi boma la Dedza. Dandaulo linali lakuti zithunzi za masekondi 60 zinkatuluka ndi nyenyezi zooneka bwino pakati, koma m'makona onse anayi nyenyezizo zinali timizere tokhota. Izi zinkachitika ngakhale kuti pa telesikopuyo panali rotator, mphete ya mota yotembenuza kamera, ndipo pulogalamu inkaonetsa kuti yalumikizika. Eni ake anali atayamba kale kufunsa mtengo wa coma corrector ina, galasi lowongola nyenyezi za m'makona, poganiza kuti magalasi ndiwo alakwa. Palibe chipangizo chimene chinasinthidwa. Zolakwika zinali zitatu, zonse za m'mapulogalamu, ndipo chilichonse chinadziwika poyeza kutalika kwa timizere tija n'kuyerekeza ndi masamu.

Zida ndi malo

Telesikopuyo ndi Newtonian ya galasi la 200 mm ndi focal length ya 1000 mm. Ili pa mount ya alt-az, ija imene imangokwera, kutsika ndi kutembenukira kumanja kapena kumanzere. Sensa ya kamera ndi ya 23.5 mm ndi 15.7 mm, ma pixel 6248 m'litali ndi 4176 m'lifupi, pixel iliyonse 3.76 µm, kotero pixel imodzi imaona 0.78 arcsec ya thambo (arcsec ndi gawo limodzi mwa magawo 3600 a digiri). Pakati pa coma corrector ndi sensa pamafunika 55 mm: m'kati mwa kamera muli kale 17.5 mm, rotator inatenga 16.5 mm, ndipo 21 mm yotsala inadzazidwa ndi mphete. Zonse zimayendetsedwa ndi laputopu ya Windows kudzera mu ASCOM, njira imene mapulogalamu amalankhulira ndi zida za telesikopu. Pulogalamu yojambulira ndi N.I.N.A., yochita plate solve (kuyerekeza chithunzi ndi mapu a nyenyezi kuti mudziwe kumene telesikopu yaloza ndi ngodya ya kamera) ndi ASTAP, ndipo magetsi ndi a batire ya 12 V.

Pa nambala zonsezi, yofunika kuigwira pamtima ndi mtunda wochoka pakati pa sensa kukafika pakona, umene ndi ma pixel 3757. Chithunzi chikapotoloka ndi digiri imodzi, nyenyezi ya pakona imasuntha ma pixel 66, pamene ya pakati siisuntha n'komwe, monga mmene rimu ya njinga imathamangira habu ili pamalo pake. Pixel imodzi pakona ndi madigiri 0.015 okha. Focal length ilibe mbali pamenepa. Kamera yomweyi mutaiika pa telesikopu yaifupi, timizere tidzakhala ndi ma pixel omwewo.

Malo ali pa latitude −14.4, longitude +34.3, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Nthawi ndi UTC+2 chaka chonse.

Chifukwa chake thambo limapotoloka pa kamera

Dziko limazungulira madigiri 15.04 pa ola poyerekeza ndi nyenyezi. Mount ya equatorial imapendeketsedwa kuti mkono wake umodzi ulingane ndi mzere umene dziko limazungulirapo, ndiye ikamatsata nyenyezi, kamera ndi thambo zimayendera limodzi. Ya alt-az imasunga nyenyezi ya pakati pamalo pake, koma kamera imakhala chilili molingana ndi nthaka. Amene anayang'anapo Crux, gulu looneka ngati mtanda kumwera, amadziwa kuti madzulo limakhala litagonera mbali ina, pakati pa usiku laimirira, m'bandakucha lagonera mbali inayo. Kupendekera kumeneko ndi kumene kumajambulika m'makona. Ngodya yake, ya pakati pa mzere wopita kumpoto kwa thambo ndi mzere wopita paliwombo, imatchedwa parallactic angle.

Liwiro lake, m'madigiri pa ola, ndi 15.04 × cos(latitude) × cos(azimuth) ÷ cos(altitude). Altitude ndi kukwera kwa nyenyezi kuchoka pansi, azimuth ndi mbali imene ili kuwerengera kuyambira kumpoto, zonse m'madigiri.

Ku Dedza 15.04 × cos(14.4) ndi 14.57. Ku London, pa latitude 51.5, ndi 9.4. Malangizo ambiri a pa intaneti okhudza kutalika kwa chithunzi pa alt-az amalembedwa ndi anthu a kumayiko akutali ndi equator, choncho kuno sagwira. Thambo lathu limapotoloka mofulumira kuposa lawo ndi theka. Masamuwo akunenanso zinthu ziwiri. Kum'mawa kwenikweni ndi kumadzulo kwenikweni cos(azimuth) ndi ziro, ndiye thambo silipotoloka. Nyenyezi ikayandikira paliwombo cos(altitude) imachepa kwambiri, ndipo liwiro limakwera mosaletseka.

Poyeza panasankhidwa Omega Centauri, gulu la nyenyezi, pa declination (latitude ya pathambo) −47.5, imene imadutsa meridian (mzere wochoka kumpoto kudzera paliwombo kupita kumwera) cha m'ma 8 koloko usiku pakati pa Juni. Imadutsa kumwera pa altitude 56.9, ndipo liwiro pamenepo ndi madigiri 26.7 pa ola. M'masekondi 60 ndi madigiri 0.445, amene pakona ndi ma pixel 29. M'mphindi 10 ndi madigiri 4.4.

Mode zitatu ndi ntchito zake

Rotator ndi mphete ya mota yotembenuza kamera basi. Pulogalamu ndi imene imasankha chinthu chimene kamera iyenera kukhala nacho chosasuntha, ndipo zosankhazo zilipo zitatu: thambo, chubu cha telesikopu, kapena mzere wochoka pansi kupita paliwombo. Pa telesikopu za Keck ku Hawaii mode zimenezi ndi position angle, stationary ndi vertical angle. Mapulogalamu ena amati sky, mount ndi parallactic.

Mu sky, mota imayenda usiku wonse mobweza parallactic angle, kuti kumpoto kwa thambo kukhale mbali imodzimodzi ya chithunzi. Position angle imawerengedwa kuyambira kumpoto kudzera kum'mawa, ndiye 0 ndi kumpoto, 90 ndi kum'mawa. Imeneyi ndiyo ya zithunzi zazitali. Mu stationary mota imaima, ndipo ndi yofunika pojambula ma flat (zithunzi za kuwala kofanana zochotsera fumbi ndi mdima wa m'mbali), powongola magalasi, pa mavidiyo afupiafupi a mapulaneti ndi poimika telesikopu ntchito ikatha.

Vertical ndi ya spectroscope, chipangizo chogawa kuwala m'mitundu yake. Mpweya umapinda kuwala kwa buluu kwambiri kuposa kofiira, ndiye nyenyezi imatambasuka pang'ono kuchoka pansi kupita m'mwamba. Pamtunda ngati wa Dedza, pa altitude 45, kusiyana kwa kuwala kwa 400 nm ndi 700 nm ndi pafupifupi 1.2 arcsec, ndipo pa altitude 20 kumapitirira 3 arcsec. Slit, kampata kopyapyala kolowetsa kuwala mu spectroscope, ikagona mopingasa ndi kutambasukako, mtundu wina wa kuwala umatsala kunja. Alexei Filippenko anafotokoza vutoli mu 1982, ndipo kuyambira pamenepo kulunjikitsa slit pa parallactic angle ndi chizolowezi. Pa telesikopu ya 1000 mm slit ya 23 µm ndi 4.7 arcsec, choncho nkhawa imayamba nyenyezi ikatsika kwambiri.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mode ziwiri zimatha kukhala chinthu chimodzi malingana ndi mount. Pa equatorial, rotator yoima yasunga kale thambo. Pa alt-az ya Newtonian kapena Cassegrain, kumene kamera imakwera ndi kutsika limodzi ndi chubu, rotator yoima yasunga mzere wopita paliwombo, osati thambo. Pa Nasmyth, kumene galasi lachitatu limatulutsira kuwala m'mbali kudzera pa mkono wa altitude, zitatu zonse n'zosiyana, ndipo mota iyenera kubweza parallactic angle kuphatikiza kapena kuchotsera altitude, malingana ndi mbali imene kamera ili. Mapulogalamu ambiri ojambulira anapangidwa poganizira equatorial, ndipo vuto loyamba linachokera pamenepo.

Magalasi kapena thambo?

Coma, mtunda wa 55 mm ukaphonyedwa, ndi kupotoloka kwa thambo, zonse zimawononga makona, ndipo mtunda wolakwika umathanso kukoka nyenyezi mozungulira mofanana ndithu ndi kupotoloka. Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Jambulani malo amodzi kwa masekondi 2, 30 ndi 60. Vuto la magalasi silisamala nthawi, limaoneka chimodzimodzi pa zitatu zonse. Apa cha masekondi 2 chinali ndi nyenyezi zabwino mpaka pakona, cha 30 chinali ndi timizere ta ma pixel pafupifupi 15, cha 60 pafupifupi 29. Coma corrector inalibe mlandu.

Poyeza kamzere, kulitsani kona, yezani kutalika konse, kenako chotsanipo kukula kwa nyenyezi ya pakati, kumene kunali ma pixel atatu kapena anayi. Njira yolondola kuposa pamenepa ndi kuchita plate solve kawiri motalikirana mphindi 10 n'kuchotsera ngodya ziwirizo.

Cholakwika choyamba: rotator inali chiimire

Ma pixel 29 ndi ndendende zimene masamu amapereka rotator ikakhala kuti siikuyenda. Komabe pa sikirini Position inkasonyeza 0.0 usiku wonse, ndipo n'zimene zinanamiza eni ake.

Kuyambira Platform 6.5, ASCOM imapatsa rotator nambala ziwiri. MechanicalPosition ndi ngodya ya mphete yeniyeniyo. Position ndi ngodya ya pathambo, koma siyezedwa nthawi zonse ayi. Imapezeka powonjezera pa MechanicalPosition kusiyana kumene kunasungidwa pa Sync yomaliza. Pa equatorial kusiyanako sikusintha mpaka mount itatembenuzika pa meridian. Pa alt-az kumatha ntchito pakangopita masekondi ochepa. Position inkati 0.0 pamene plate solve ya pambuyo pa mphindi 10 inkati 4.4. Malamulo a rotator mu ASCOM ndi a kusuntha, kuima, Sync ndi Reverse, ndipo palibe loti izitsata thambo. Lamulo la Center and Rotate mu N.I.N.A. limatembenuza kamera kamodzi kufika pa ngodya yofunidwa n'kuisiya. Kutsata kuyenera kuyatsidwa m'pulogalamu ya rotator yeniyeniyo kapena ya mount, ndipo apa kunali kozimitsa.

Panapezekanso kuti driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) wa rotator imeneyi amazimitsa kutsata akangolandira lamulo lililonse la kusuntha. Choncho ndondomeko yake ndi iyi: pitani pa chinthu chojambulidwa, chiikeni pakati, tembenuzani kamera, kenako yatsani kutsata, ndipo bwerezani mukasamukira pa chinthu china. Pa rotator ina iliyonse yang'anani ngati MechanicalPosition ikusintha chithunzi chili m'kati. Ikakhala chiimire, kutsata kulibe, kaya batani likuoneka loyaka.

Cholakwika chachiwiri: mota inkapita kolakwika

Kutsata kutayatsidwa zinthu zinaipiraipira. Timizere tinafika ma pixel pafupifupi 47, ndipo plate solve inasonyeza madigiri 7.2 m'mphindi 10. Kukula kumeneku kunasonyeza kuti mota ikuthandiza thambo m'malo molibweza. Mbali imene mota iyenera kupita imadalira chiwerengero cha akalilole amene kuwala kwadutsamo, chifukwa kalilole aliyense amatembenuza chithunzi, komanso mbali imene rotator yamangidwira. Palinso masamu ena amene amawerenga azimuth kuyambira kumwera m'malo mwa kumpoto, ndipo zimenezo zimatembenuza chizindikiro cha cos(azimuth).

Mankhwala ake ndi Reverse, koma samalani, chifukwa batani limeneli likhoza kupezeka pawiri, m'pulogalamu yojambulira ndi mwa driver. Sinthani limodzi, onani ngati linalo lasintha lokha, kenako chitaninso Sync. Kuti mutsimikize, lozani kum'mawa kwenikweni kumene thambo silipotoloka, zimitsani kutsata, chitani plate solve, lamulani rotator iwonjezere madigiri 10, chitaninso plate solve. Ngodya ikwere ndi 10. Ikatsika ndi 10, Reverse idakali yolakwika.

Cholakwika chachitatu: kachizindikiro ka minus

Reverse itakonzedwa, timizere tinatsika kufika ma pixel pafupifupi 11, madigiri 1.7 m'mphindi 10. Apa ndi pamene ambiri amalekera, n'kumati rotator yotchipa imatero basi, kapena magiya ali ndi mpata. Koma mpata wa magiya sukula mofanana mphindi iliyonse, ndipo cholakwika ichi chinkakula mofanana. Rotator inkayenda madigiri 16.5 pa ola pamene pankafunika 26.7.

Pa meridian liwiro ndi 14.57 ÷ sin(latitude − declination). Mukaikamo −14.4 ndi −47.5 mumapeza sin(33.1), yankho 26.7. Mukaikamo +14.4 mumapeza sin(61.9), yankho 16.5. Driver wa rotator anali ndi malo akeake olembapo latitude, osadalira a mount, ndipo munalembedwa 14.4 popanda minus. Ankabweza thambo la munthu amene ali kumpoto kwa equator. Mount inali ndi nambala yolondola, n'chifukwa chake GoTo, lamulo louza mount kuti ipite yokha pa nyenyezi, inkapeza nyenyezi bwinobwino ndipo palibe anakayikira latitude.

Vuto ili ndi loipa chifukwa kumwera limabisala. Mota imapita mbali yoyenera, timizere timafupika, munthu n'kuona ngati zatheka. Kumpoto limaonekera poyera. Arcturus, pa declination pafupifupi +19, imadutsa meridian patapita mphindi 50 kuchokera pa Omega Centauri, pa altitude yofanana nayo koma kumpoto. Kumeneko rotator iyenera kuyenda madigiri 26 pa ola kupita mbali inayo. Ndi latitude yolakwika imathamanga madigiri oposa 170 pa ola, chifukwa imaganiza kuti nyenyeziyo ili pafupi ndi paliwombo. Nyenyezi ziwirizi ndi zabwino kwambiri poyesera rotator m'nyengo yozizira, ndipo ndikulangiza kuti rotator isavomerezedwe kuti yakonzeka isanayesedwe kumwera ndi kumpoto komwe. Driver amene amawerenga altitude ndi azimuth kuchokera ku mount savutika ndi zimenezi, pakuti cos(14.4) ndi cos(−14.4) ndi nambala imodzi. Amene amavutika ndi amene amawerengera yekha kuchokera ku right ascension (longitude ya pathambo), declination ndi wotchi.

Driver wotereyu amafunanso longitude ndi nthawi zolondola. ASCOM imawerenga kum'mawa ngati plus, koma malamulo akale a telesikopu za LX200 amawerenga kum'mawa ngati minus. Kuphonya chizindikiro pa 34.3 ndi kuphonya madigiri 68.6, maola anayi ndi theka. Laputopu yosiyidwa pa nthawi ya dziko lina, kapena yosokoneza UTC ndi nthawi yathu, imaphonya madigiri 15 pa ola lililonse. Izi zinayang'anidwa ndipo zinali bwino.

Panayesedwanso kum'mawa pa altitude 40 kuona ngati driver sanaikidwe pa Nasmyth. Pa meridian cholakwika chimenecho sichioneka chifukwa altitude siisintha, koma kum'mawa nyenyezi imakwera madigiri 14.57 pa ola, ndipo rotator yoganiza kuti ili pa Nasmyth ingajambule timizere ta ma pixel 16 m'masekondi 60 pamalo pamene inayenera kungokhala duu. Nyenyezi zinatuluka zabwino.

Chomaliza chinali kafulumidwe ka malamulo. Driver ankakonza ngodya pa masekondi 5 aliwonse, ndipo pa Omega Centauri m'nthawi imeneyo kona imasuntha ma pixel 2.4. Anaikidwa pa sekondi imodzi. Sitepe ya mota ndi madigiri 0.01, ma pixel 0.7 pakona, ndiye pa liwiro limeneli imaponda sitepe imodzi pa sekondi ndi pang'ono. Zitatero plate solve ziwiri zinasiyana ndi madigiri osafika 0.05 m'mphindi 10, ndipo zithunzi za masekondi 120 zinali zoyera mpaka m'makona.

M16 ndi vuto la paliwombo

Mu Julayi panabuka dandaulo lina, ndipo ili silinali la kulakwitsa kwa munthu. Eagle Nebula, imene ndi M16, ili pa declination −13.8. Ku Dedza imadutsa madigiri 0.6 okha kumpoto kwa paliwombo, cha m'ma 10 koloko usiku kumapeto kwa mweziwo. Ku Ntcheu, pa latitude −14.8, imadutsa pa digiri imodzi. M17 imadutsa madigiri 1.8 kumwera kwa paliwombo, ndipo Sirius m'nyengo ya mvula imadutsa pa 2.3. Kwa mount ya equatorial imeneyi ndi mphatso, chifukwa mpweya paliwombo ndi wochepa. Kwa alt-az ndi pamalo povuta kuposa ponse, ndipo ngakhale telesikopu zikuluzikulu zili ndi kadera kameneka kamene sizitha kutsata.

Pa meridian M16 imafuna madigiri 23 pa mphindi, ndipo madigiri 90 amatha m'mphindi 5. Mkono wa azimuth wa mount nawonso umafunika kuthamanga chimodzimodzi. Wotchi ikaphonya ndi masekondi 10 pamenepo, ngodya yaphonya ndi madigiri pafupifupi 4. Chimene chinachitika n'chakuti rotator inathamanga mpaka pamalire ake, chingwe cha USB chinakokeka, kamera n'kuzima.

Koma M16 yomweyo ndi yofatsa modabwitsa ikamakwera. Kutatsala maola 4 kuti ifike pa meridian ili pa altitude 32, ndipo kutatsala ola limodzi ili pa 75. M'maola atatu onsewo imakwera molunjika kuchokera kum'mawa, ndipo parallactic angle imasintha madigiri 4 okha. Liwiro lalikulu ndi madigiri 2.2 pa ola, ma pixel 2.4 m'masekondi 60. Ngakhale amene alibe rotator akhoza kujambula masekondi 30 popanda vuto. Kutatsala mphindi 20 ili pa altitude 85 ndipo liwiro ndi madigiri 19 pa ola, lomwe rotator imakwanitsa. Kutatsala mphindi 10 lafika pafupifupi 80.

Ndiye malire a altitude anaikidwa pa 85, ndipo ndondomeko yojambulira imaima mphindi 20 meridian isanakwane n'kuyambanso mphindi 20 itadutsa. M'mphindi 40 zimenezo thambo limakhala litapotoloka madigiri 165. Palibe chifukwa chozunguliritsa kamera ndi zingwe zake mtunda wonsewo. Sensa ndi yamakona anayi, ndiye position angle ya 0 ndi ya 180 zimajambula dera limodzimodzi. Mukayambanso, pemphani ngodya yowonjezera 180, ndipo rotator idzangosuntha madigiri 15 kubwerera. Zithunzi zachiwirizo zimatuluka chadodolido, ndipo pulogalamu yosanjikiza zithunzi imaziwongola yokha monga imachitira ndi za equatorial.

M16 ili ndi kachinthu kenanso. Pa altitude pafupifupi 74 imadutsa kum'mawa kwenikweni, kuchoka mbali ya kumwera kupita ya kumpoto, ndipo rotator imaima n'kuyamba kubwerera. Pobwerera mpata wa magiya umadya masitepe oyamba. Mpata wa madigiri 0.1 ndi ma pixel 6 kapena 7 pakona. Yezani mpatawo masana: pitani madigiri 5 mbali ina, bwererani masitepe amodziamodzi, werengani masitepe amene apita kamera isanayambe kusuntha, ndipo lembani nambalayo pa backlash mwa driver. Zinthu zonse za declination ya pakati pa 0 ndi −14.4 zimabweza rotator chonchi. Orion Nebula, pafupi ndi Akamwiniatsatana, imatero pa altitude 22.

Zingwe, ma flat ndi kuzizira

Malire a rotator anaikidwa pa madigiri 110 mbali iliyonse kuchoka pa ziro. Omega Centauri, kuyambira maola 3 isanafike pa meridian mpaka maola 3 itadutsa, imafuna madigiri 128, ndiye mukayambira pa ziro mudzagunda malire usiku usanathe. Yambirani pa madigiri 64 mbali imene thambo likuchokera, kuti ziro ikwane pa meridian. Ngati ngodya imene mukufuna siikulola zimenezo, yesani yowonjezera 180. Zingwe za kamera zimangidwe pamodzi, zisiyiridwe lupu yaikulu, ndipo ziyesedwe masana poyendetsa rotator kuchoka malire ena kufika ena chubu chili chogona ndiponso chili choimirira. Usiku wa Juni ndi Julayi ku Dedza kumazizira kwambiri moti chingwe chimene masana chinali chofewa chimauma gwa, ndipo mota yaing'ono imadumpha masitepe pochikoka. Pulogalamu siidziwa kuti yadumpha chifukwa rotator zambiri zazing'ono zilibe encoder, kachipangizo koyeza ngodya yeniyeni.

Ma flat amavuta mu sky mode ndipo palibe njira yowakonzera kotheratu. Fumbi la pa sensa ndi pa fyuluta limazungulira limodzi ndi kamera, choncho limachoka bwino. Mdima wa m'mbali wochokera ku kalilole wachiwiri ndi ku focuser uli pa chubu, ndiye umayenda pa chithunzi rotator ikamayenda. Kuwongola bwino magalasi kuti mdimawo ukhale wofanana mbali zonse kumachepetsa vutoli. Kupitirira apo, jambulani ma flat mu stationary pa ngodya zingapo zotalikirana madigiri 30, ndipo chithunzi chilichonse chilandire flat ya ngodya yoyandikana nayo. Mizere inayi yowala ya pa nyenyezi zikuluzikulu, imene imabwera chifukwa cha timikono togwira kalilole wachiwiri, nayonso imazungulira, ndipo mukasanjikiza zithunzi za maola ambiri imamwazika. Ndi mmene Newtonian ya alt-az ilili, si vuto la rotator.

Kwa sukulu kapena gulu limene silinagule rotator, ndikuona kuti ndi bwino kuganizira kaye mount ya equatorial kapena wedge, chotsamizira chopendeketsa mount ya alt-az. Mavuto ambiri a m'lipoti lino amachoka, ndipo M16 imajambulika ili paliwombo. Zovuta zake ndi zina. Mkono uyenera kuloza kumwera pa madigiri 14.4 okha pamwamba pa nthaka, kumene kumakhala mapiri, mitengo ndi utsi wa lupsa mu Seputembala ndi Okutobala. Sigma Octantis, nyenyezi yolozera kumeneko, ndi yofooka, ya magnitude 5.4, ndiye kulunjikitsa kumafuna plate solve kapena drift. Pa mount zina chitsulo cholemera chimagunda mwendo wa tripod pa latitude yotsika chonchi, choncho funsani malire a latitude musanalipire.

Batire ikafooka kapena magetsi akaduka usiku, rotator yopanda encoder ikhoza kudzuka ikuganiza kuti pamene yaima ndi pa ziro, ndipo malire a 110 amasamuka nayo limodzi. Pa telesikopu iyi panajambulidwa kamzere ka penti yoyera kodutsa mbali yoima ndi mbali yozungulira ya mphete, zingwe zili zomasuka. Magetsi akabwerera, yendetsani mota mpaka timizere tiwirito tikumane, lembani ziro mwa driver, onani ngati minus ya latitude ndi Reverse zidakalipo, chitani plate solve ndi Sync, kenako yatsani kutsata.